Pa ntchito ku Germany, kupirira mwakachetechete kumadwalitsa

Munthu akapeza ntchito ku Germany, malangizo oyamba amene aliyense amamupatsa ndi okhudza nthawi: usamachedwe, anthu akumeneko sasewera ndi wotchi. Malangizowa ndi oona, koma savuta kuwatsatira. Ukachedwa kamodzi n'kuona mmene anzako akukuyang'anira, mawa lake umadzuka kusanache, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chimatenga zaka kuti munthu achizolowere, ndiponso chimene chimawononga thanzi mwakachetechete, ndi kutsegula pakamwa. Kunena kuti "ndadwala, sindibwera." Kunena kuti "sindinamve, bwerezaninso." Kunena kuti "ayi, Loweruka ndi tsiku langa lopuma." Ine ndikuona kuti mlendo amene waphunzira kunena zitatuzi wazolowera ntchito ya ku Germany kuposa amene amafika molawirira tsiku lililonse koma akuvutika chamumtima.

Dziko la Germany likusowa antchito chifukwa anthu ake ambiri akukalamba. Mu Malichi 2020 linayamba kugwiritsa ntchito lamulo lofewetsa njira yoti anthu aluso ochokera kunja kwa European Union azibwera kudzagwira ntchito, ndipo mu Juni 2024 linawonjezera chitupa chotchedwa Chancenkarte, chololeza munthu kubwera kudzafunafuna ntchito. Anthu ochokera kumayiko ena akulowa m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale, m'mahotela, ndiponso m'maphunziro a ntchito otchedwa Ausbildung, amene munthu amalandirako kangachepe uku akuphunzira. Olankhula Chichewa kumeneko ndi ochepa tikayerekeza ndi ku South Africa kapena ku Britain. Ku Johannesburg munthu watsopano amapeza wakwawo womuuza mmene zinthu zimayendera asanamasule n'komwe chikwama. M'katauni ka ku Bavaria kapena ku Saxony akhoza kutha chaka osamva wina akumufunsa kuti "mwadzuka bwanji." Choncho zimene amadalira ndi ulemu umene anaphunzira kwawo, ndipo ulemu umenewu kumeneko umamveka mwina.

Tinaleredwa bwino, ndipo sindikunyoza. Mwana wamwambo sayankha mkulu akamalankhula, samuyang'ana m'maso, sakana akatumidwa. Akamufunsa ngati wamva, amati "ndamva" ngakhale asanamve, kenako amakafunsa mnzake kuseri. Munthu amene thupi likuphwanya mukamupatsa moni amayankha kuti "ndili bwino pang'ono" kapena "tikuyesera," ndipo tonse timadziwa zimene "pang'ono" ameneyo akutanthauza. Kalankhulidwe kathu kamadalira womvera kuti atole zimene sizinanenedwe.

Mjeremani ali pa ntchito satola zimene sizinanenedwe. Akakufunsani ngati mungamalize ntchito inayake pofika Lachisanu, inu n'kuyankha kuti "ndiyesetsa," iye amalemba kuti itha Lachisanu. Lachisanu likafika isanathe, chimene chimamukwiyitsa kwambiri n'chakuti munadziwa Lachiwiri koma simunanene. M'chipatala nkhaniyi imakula. Mkulu wa anamwino akakufotokozerani mothamanga za mankhwala a wodwala, mwinanso m'Chijeremani cha kudera lakwawo chimene simunaphunzire m'kalasi, inu n'kuvomera chifukwa cha manyazi, amene angavulale ndi wodwala, ndipo dzina limene lidzaoneke pa pepala ndi lanu. Safunsa anadya phula. Kumeneko kufunsa kawiri sikutsitsa munthu, ndipo kupempha kuti akulembereni zimene anena n'kololedwa. Kuyang'ana pansi nakonso kumasocheretsa: inu mukupereka ulemu, iye akuganiza kuti mukubisa kanthu kapena simukutsatira.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi yopweteka kwambiri m'miyezi yoyamba. Mnzanu wa pa ntchito adzakuuzani pamaso, anthu akumva, kuti mwalakwitsa, popanda kuyamba wafunsa za kunyumba, popanda kuzungulira. Kwathu mawu otere amatanthauza kuti chibale chatha. Mudzagona mukuwabwereza m'mutu. Koma mawa lake munthu yemweyo adzakupatsani moni ngati palibe chinachitika, chifukwa kwa iye palibedi chinachitika: ananena za ntchito, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Kuyamikira nako n'kosowa. Kum'mwera kwa dzikolo ali ndi mwambi wonena kuti ngati sanakudzudzule ndiye kuti akuyamikira kale. Amene akudikira kumva kuti "mwachita bwino" asanakhazike mtima pansi adzadikira mpaka kalekale.

Pali malo amodzi amene ife timayambira patsogolo. Chijeremani chimasiyanitsa Sie ndi du pafupifupi mmene ife timasiyanitsira inu ndi iwe, ndipo wamkulu ndi amene amayamba kunena kuti tsopano tizitchulana du. Anthu olankhula Chingelezi amavutika nazo zimenezi, ife ayi. Chongofunika kudziwa n'chakuti du wa pa ntchito satanthauza ubwenzi. M'mawodi ambiri aliyense amatchulana du kuyambira tsiku loyamba, komabe palibe amene akuitanireni kunyumba kwake.

Mukadwala

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene chizolowezi chathu chimatipweteka kwambiri. Ambiri tinakulira kumene tsiku losagwira ntchito ndi tsiku losadya, kumene waganyu akagona wina amatenga khasu lake. Amene anadzera ku South Africa kapena kwina, n'kugwirako ntchito zopanda kontirakiti, anaphunziranso phunziro lomwelo kachiwiri. Ndiye munthu amadzuka thupi likutentha, kumwa Panado, n'kupita, akuganiza kuti abwana aona kudzipereka kwake.

Ku Germany lamulo limayenda chonchi. Mukagwira ntchito masabata 4 kwa olemba ntchito anu, iwo amayenera kukulipirani malipiro onse kwa masabata 6 ngati mwadwala moti simungagwire ntchito. Matenda omwewo akapitirira, bungwe lanu la inshulansi ya zaumoyo, monga AOK, TK kapena Barmer, limayamba kukupatsani ndalama zotchedwa Krankengeld, zimene zimakhala 70 peresenti ya malipiro anu asanadulidwe, koma zosaposa 90 peresenti ya zimene mumalandira m'manja. Pa matenda amodzi thandizoli likhoza kufika masabata 78 m'zaka zitatu. Ndalama zimenezi si chifundo cha abwana. Mwezi uliwonse amakudulani kale pa malipiro anu kuti zimenezi zitheke.

Udindo wanu ndi wochepa koma sauphonya. Muyenera kuuza olemba ntchito mwamsanga, tsiku loyamba lomwelo, makamaka shifiti isanayambe, kuti mwadwala ndiponso kuti mukuganiza kuti zitenga masiku angati. Matenda akaposa masiku atatu pamafunika umboni wa dokotala, ndipo olemba ntchito ali ndi ufulu woufuna ngakhale pa tsiku loyamba, choncho werengani kontirakiti yanu musanadwale. Kuyambira mu Januwale 2023, kwa anthu amene ali m'mabungwe a inshulansi ngati amene ndatchulawa, dokotala amatumiza umboniwo ku bungwelo pa kompyuta, ndipo olemba ntchito amautenga kumeneko. Amangoona masiku. Dzina la matenda saliona, ndipo inu simukakamizidwa kuwauza. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a kuvutika maganizo kapena ma ARV. Pa ntchito zambiri palibe lamulo lokukakamizani kuulula kuti muli ndi HIV. Foni ya m'mawa ija ingakhale ya ziganizo ziwiri zokha. Kupepesa kambirimbiri ndi kufotokoza mmene munasanzira usiku n'kosafunika, ndipo kumangodabwitsa amene wayankha foniyo.

Chinanso n'chakuti anzanu sakondwera mukabwera mukutsokomola. Amaona kuti mwabweretsa chimfine chimene chigonetse anthu atatu sabata yamawa. M'nyumba ya okalamba chimfine chomwecho, kapena kutsekula m'mimba, chikhoza kupha munthu wa zaka 90. Kwa ogwira ntchito m'khitchini, lamulo loteteza anthu ku matenda opatsirana limaletseratu kugwira zakudya munthu ali ndi matenda ena otsekula m'mimba. Zimene inu mukuziona ngati kulimba mtima, iwo akuziona ngati kusaganizira ena.

Pezani dokotala wanu wa nthawi zonse, amene amamutcha Hausarzt, mudakali bwino. M'madera ena madokotala amakana odwala atsopano chifukwa chodzaza, ndipo kuyamba kusakasaka thupi likutentha n'kowawa. Usiku ndi kumapeto kwa sabata nambala ya madokotala ogwira ntchito nthawi imeneyo ndi 116117, ndipo pa zoopsa zofuna ambulansi ndi 112.

Pali vuto lina limene limagwera ife makamaka. Munthu wapita kumudzi kukacheza masabata anayi, wabwerako Loweruka, Lolemba m'mawa mutu ukuwawa ndipo akumva kuzizidwa. Amachita manyazi kuimba foni: angoti ndachokera kutchuthi, ndiye ndiyambenso kudwala? Amapita kuntchito. Koma munthu akakhala nthawi yaitali kudziko lopanda malungo, mphamvu ija imene thupi linali nayo yolimbana nawo imachepa, ndipo malungo amene kale ankangomugoneka masiku awiri akhoza kumufikitsa pangozi m'masiku ochepa. Dokotala wa m'katauni ka ku Germany saganiza msanga za malungo ngati simunamuuze kumene munali. Kutentha thupi kulikonse m'masabata kapena miyezi yotsatira ulendo wa kumudzi kumafuna kuyezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo chiganizo choyamba kwa dokotala chikhale chakuti "ndinali ku Malawi," kapena ku Zambia, kapena ku Mozambique. Mizinda ngati Hamburg, Berlin ndi Munich ili ndi malo apadera oona za matenda a kumayiko otentha, koma musadikire ulendo wa kumeneko. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Ndipo ngati munadwala muli patchuthi pomwepo, dziwitsani olemba ntchito ndi bungwe la inshulansi mwamsanga, n'kutenga kalata ya dokotala yonena kuti simukanatha kugwira ntchito. Masiku amenewo sawerengedwa ngati tchuthi.

Tsopano wina anganene kuti zonsezi n'zokoma pa pepala, koma mlendo ali ndi chifukwa choopera. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kupeputsa mantha amenewa. Miyezi yoyamba, imene nthawi zambiri imafika 6, ndi yoyeserera, yotchedwa Probezeit, ndipo pa nthawi imeneyi akhoza kukuchotsani ntchito atakuchenjezani masabata awiri okha. Lamulo lalikulu loteteza anthu kuti asachotsedwe ntchito mwachisawawa limayamba kukutetezani pakatha miyezi 6, ndiponso m'makampani a antchito oposa 10. Si zoona kuti munthu amene ali ndi kalata ya dokotala sangachotsedwe. Kuwonjezera apo, chitupa chokhalira m'dziko nthawi zambiri chimakhala chomangirizidwa ku ntchitoyo, ndipo ikatha msanga muyenera kudziwitsa ofesi yoona za alendo, Ausländerbehörde, pasanathe masabata awiri.

Komabe taganizirani chimene chimachotsetsa anthu ntchito m'miyezi yoyeserera. Masiku atatu a chimfine, onenedwa pa nthawi yake, ndi chinthu chimene abwana aliyense wa ku Germany amachiona sabata iliyonse. Chimene chimathetsa chikhulupiriro ndi kusabwera osanena, kuvomera ntchito n'kusaichita, kapena kulakwitsa kwakukulu chifukwa munthu anabwera mutu ukuzungulira. Ndipo zikafika poipa, dziwani kuti kuchotsa munthu ntchito kumayenera kukhala kolembedwa pa pepala losainidwa, mawu apakamwa kapena uthenga wa pa WhatsApp sizikwanira, ndipo muli ndi masabata atatu okha okadandaula kukhoti la za ntchito. Musasaine pepala lililonse lothetsa ntchito tsiku lomwelo limene akupatsani. Kuli malo otchedwa Faire Integration amene amalangiza mwaulere anthu ochokera kunja kwa European Union pa nkhani za malamulo a ntchito.

Amene sakana

Mu wodi iliyonse muli munthu amene amamuimbira foni poyamba wina akadwala. Kawirikawiri amakhala mlendo: alibe ana pafupi, alibe kopita Lamlungu, akufuna ndalama, ndipo sakana. Poyamba amamuyamikira. Pakapita miyezi zimangokhala zodziwikiratu, ndipo tsiku limene adzakane anthu amadabwa. Dziwani kuti ndandanda ya mashifiti, Dienstplan, ikatuluka, tsiku limene lalembedwa kuti ndi lopuma ndi lanu, ndipo nthawi zambiri simukakamizidwa kuvomera akakupemphani kuti mulowe m'malo mwa wina. Anzanu a ku Germany amangoti "lero sindingathe," osapereka chifukwa, ndipo palibe amene amawasungira kukhosi.

Lamulo la maola limati tsiku la ntchito ndi maola 8, ndipo likhoza kufika maola 10 pokhapokha ngati pa miyezi 6 avereji ibwerera pa 8. Mukagwira maola oposa 6 muyenera kupuma mphindi 30, ndipo mukaposa maola 9 mphindi 45. Pakati pa shifiti ndi inzake payenera kudutsa maola 11, ngakhale kuti m'zipatala ndi m'malo ena amaloledwa kuchepetsako ola limodzi n'kudzalibweza. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngati muli ndi ntchito ziwiri, maola ake amaphatikizidwa. Kaganyu kotsuka mbale madzulo mutachoka ku wodi kakhoza kukuswetsani lamulo, kontirakiti, ngakhalenso zimene zalembedwa pa chitupa chanu. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo ngakhale pasapezeke wokugwirani, thupi limawerengera lokha. Kusagona mokwanira kwa miyezi, makamaka kwa ogwira usiku, kumakweza magazi, kumasokoneza shuga, ndipo msana wotopa ndi umene umavulala ponyamula wodwala. M'nyengo yozizira zimanyanya, chifukwa mu Disembala kumpoto kwa dzikolo dzuwa silikwanitsa maola 8, moti munthu amalowa ntchito kuli mdima n'kutulukanso kuli mdima. Ife akhungu lakuda timavutika kwambiri kupanga vitamini D ndi kadzuwa kotero, ndipo ngati kutopa sikukutha n'koyenera kukambirana ndi dokotala.

Ajeremani ali ndi liwu lakuti Feierabend, kutanthauza nthawi imene ntchito yatha ndipo moyo wa munthu wayamba. Amalilemekeza ngati mmene ife timalemekezera Lamlungu m'mawa. Nthawi ikakwana amanyamuka, ngakhale abwana adakali mu ofesi, ndipo amene amatsalira tsiku lililonse amaoneka ngati sakwanitsa kulongosola ntchito yake. Kwa mlendo, ola limenelo ndi limene kusungulumwa kumayamba. Anzanu a pa ntchito sakudani. Moyo wawo wocheza uli kwina, m'timagulu ta mpira, ta kwaya, ta ozimitsa moto odzipereka, timene amatitcha Verein. Kumeneko ndi kumene munthu amapeza anzake, ndipo n'kwabwino kuposa shifiti yowonjezera. Pa ntchito pomwe khomo laling'ono lilipo: tsiku lanu lobadwa ndinu amene mumabweretsa keke, osati iwo. Mandasi amagwira ntchito yomweyo bwinobwino. Koma musayerekeze kufunira munthu mafuno abwino tsiku lake lisanafike, amati ndi tsoka.

Pa nkhani ya kuvulala ndingofulumira, chifukwa mfundo yake ndi imodzi: lembani. Wantchito aliyense ali pa inshulansi ya ngozi za pa ntchito imene olemba ntchito amalipira okha, ndipo imakhudzanso ngozi za panjira popita kapena pochokera kuntchito, monga kuterereka ndi njinga pa ayezi. Kabala kakang'ono kalembedwe m'buku la ovulala, Verbandbuch, chifukwa kakadzatupa pakatha sabata umboni wake ndi umenewo. Mukadzibaya ndi singano imene yagwiritsidwa ntchito pa wodwala, nenani nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira. Kubisa poopa kuoneka wosasamala ndi kudzimana thandizo limene lilipo kale. Chimodzimodzi ngati mwatsala nokha ndi odwala ochuluka moti simungawasamalire bwino: pali kalata yotchedwa Überlastungsanzeige imene wantchito amalembera akuluakulu kuwachenjeza. Kwathu kulembera abwana kalata yotere kungaoneke ngati kuwasumira. Kumeneko ndi njira yodziwika, ndipo imakutetezani tsiku limene chinachake chidzalakwike. Komiti yoimira antchito, imene m'makampani amaitcha Betriebsrat ndipo m'zipatala za mipingo Mitarbeitervertretung, ingakuthandizeni kuilemba.

Maliro

Palibe pamene miyambo iwiriyi imawombana kwambiri ngati pa maliro. Kwathu malume akamwalira, kapena azakhali amene anakulerani, palibe amene amafunsa ngati mupite. Ku Germany masiku operekedwa chifukwa cha imfa ndi ochepa kwambiri. Mwachitsanzo, mgwirizano wa malipiro a antchito a boma ndi makhonsolo, TVöD, umapereka masiku awiri akamwalira mkazi kapena mwamuna wanu, mwana kapena kholo. Malume mulibemo. Masiku awiri amathera m'njira, chifukwa ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg.

Apa mayesero amakhala akuti munthu akapemphe kalata ya dokotala n'kukwera ndege. Musatero. Kunamizira kudwala ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amachotsera munthu ntchito nthawi yomweyo, ndipo chithunzi chimodzi cha pa Facebook chimakwanira kuulula. Ngati chisoni chakufooketsanidi moti simungagwire ntchito, uzani dokotala zoona zake, iye ndi amene aweruze. Koma pa ulendo, njira ndi kupempha tchuthi chanu, kapena tchuthi chosalipidwa, ndi kufotokoza momveka kuti womwalirayo anali ndani kwa inu. Mjeremani akamva kuti "amalume" amaganiza za munthu amene amakumana naye pa Khirisimasi. Muuzeni kuti ndi amene anakulipirirani sukulu, amene anaima m'malo mwa bambo. Ambiri amamva akauzidwa. Ndipo ndi nzeru kusungako masiku angapo chaka chilichonse, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Lamulo limapereka masiku osachepera 20 pa chaka kwa ogwira masiku asanu pa sabata, ndipo makontirakiti ambiri amafika 30. M'malo ambiri tchuthi cha chaka chamawa amachikonza chaka chino chisanathe, choncho amene akufuna mwezi wathunthu wa kumudzi anene msanga, asadikire kuti ena onse asankhe kaye.

Sindikunena kuti chilichonse chimene mlendo amakumana nacho ndi chikhalidwe choyenera kuchizolowera. Tsankho liliko. Pali wodwala amene amakana kukhudzidwa ndi namwino wakuda, pali mnzanu amene amakupatsani inu nokha ntchito zonyansa, pali nthabwala zimene si nthabwala. Njira yosiyanitsira ndi kuona ngati munthuyo amalankhula choncho kwa aliyense, ndiponso ngati akunena za ntchito kapena za inu. Wokalipira aliyense ndi wokalipa chabe. Wokalipira inu nokha, kapena wotchula khungu ndi kwanu, nkhani yake ndi ina. Kuyambira mu 2006 dzikolo lili ndi lamulo loletsa tsankho, lodziwika ndi zilembo zakuti AGG, ndipo limafuna kuti olemba ntchito akutetezeni ngakhale kwa makasitomala ndi odwala. Koma nthawi yake ndi yochepa: amene akufuna chipukuta misozi ayenera kulemba dandaulo lake pasanathe miyezi iwiri. Lembani tsiku, mawu amene ananenedwa, ndi amene analipo. Kumeza zinthu zotere chaka ndi chaka kumathera m'kusowa tulo, kupweteka kwa m'mimba ndi mantha a Lamlungu madzulo. Inshulansi ya zaumoyo imalipira kukaonana ndi katswiri wa za maganizo, ndipo pa ulendo woyamba simufunika kalata yochokera kwa dokotala wina. A pa 116117 amathandiza kupeza tsiku. Mndandanda wodikira chithandizo chenicheni umakhala wautali, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba zinthu zisanafike poipa.

Mawu otsala ndi a inu achibale, kaya muli ku Mchinji, ku Chipata, ku Harare kapena ku London. Nthawi zambiri chimene chimamulepheretsa m'bale wanu kukana shifiti si abwana, koma uthenga wa fizi, wa feteleza kapena wa malata umene walowa usiku. Ndalama imene anakuuzani kuti azilandira ndi yosadulidwa. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limapita ku inshulansi ya zaumoyo, ya penshoni, ya ulova ndi ya chisamaliro cha okalamba, kenako msonkho, kenako lendi. Amene ali pa Ausbildung ndiye amatsala ndi zochepa zedi. Gwirizanani naye ndalama imene angathe kutumiza pa mwezi popanda ntchito yachiwiri, ndipo zofuna zazikulu muzimuuza miyezi isanakwane, monga mmene kuntchito kwake amachitira. Akalephera kubwera kumaliro musamutche wotayika. Mwina anapempha ndipo sizinatheke. Akagwira usiku, foni ya masana imamudula tulo ngakhale kuti wotchi yanu ndi yake zikusonyeza nthawi yofanana kapena yosiyana ndi ola limodzi lokha. Ndipo akakuuzani kuti dokotala wamulembera sabata yopuma, musamufunse ngati abwana sakwiya. Mufunseni ngati wadya, ndiponso ngati pali wina wokamutengera mankhwala.